Mafuta a fungo, mankhwala opaka kapena kuthowa: kusankha chochepetsera ululu muno mu Blantyre

Chiperoni chikatsika mu Juni ndi Julaye, mawondo a agogo amayamba kulira, misana ya okhala pampando tsiku lonse imauma gwa, ndipo pa WhatsApp pamadzaza zithunzi za timabotolo takuda tolembedwa kuti essential oil. Wogulitsa amati dontho limodzi lithetsa mutu, nyamakazi, msana ndi dzino lomwe. Mafutawa ntchito ali nayo ndithu, koma ndi yochepa kusiyana ndi imene amailengeza, ndipo pa ululu wina kachitini ka mankhwala opaka ka pa okala kamagwira bwino kuposa botolo lodula lochokera ku Johannesburg.

Mafuta a fungo, amene ndi essential oil uja, ambiri amatchezedwa monga amatchezera kachasu. Nthunzi imadutsa m'masamba, m'maluwa kapena m'makungwa, imakazizira mu paipi, ndipo mafuta ambiri amayandama pamwamba pa madziwo. Pamafunika mulu wa masamba kuti papezeke kabotolo kamodzi, n'chifukwa chake ndi aukali kwambiri. Sali ngati mafuta ophikira kapena odzola: amauluka, amaluma pakhungu, ndipo ena akamwedwa amapha.

Akapakidwa pakhungu, ambiri amagwira ntchito posokoneza uthenga wa ululu. Menthol, chinthu chopezeka mu chomera cha peppermint, amadzutsa timitsempha tomva kuzizira, ubongo n'kutanganidwa ndi kuzizirako m'malo mwa kupweteka. David Julius ndi Ardem Patapoutian, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, anagwiritsa ntchito menthol pofufuza mmene thupi limamvera kuzizira. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: ululu umazirala kwa kanthawi, koma chimene chikuuyambitsa chimakhala chilipobe.

ZOYENERA KUYANG'ANA MUSANATULUTSE NDALAMA

Choyamba ndi mtundu wa ululu. Njira zonse za m'munsimu ndi za ululu wa minofu, wa malo olumikizira mafupa, mutu wobwera ndi kutopa, ndi cham'mimba cha pa nthawi ya kusamba. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi woyezetsa malungo tsiku lomwelo, ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Bangwe kapena ku chipatala chilichonse chapafupi. Mutu wadzidzidzi woopsa, khosi louma, ululu wa pachifuwa, msana wobwera ndi dzanzi m'miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo, msana wobwera ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, bondo lotupa lofiira ndi lotentha, dzino lotupitsa tsaya: zonsezi si za botolo ayi. Ululu umene wapitirira masabata awiri osasintha nawonso ukaonedwe.

Chachiwiri ndi mtengo wa kupaka kamodzi, osati mtengo wa botolo. Mitengo muno imasintha mwezi ndi mwezi, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ndi bwino kudziwa kuwerengera nokha. Mililita imodzi ya mafuta a fungo ndi madontho pafupifupi 20, ndipo supuni ya tiyi ndi mamililita 5. Manambala awiriwa tiwagwiritsa ntchito kwambiri.

Kenako kapezekedwe, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno: chinthu chimene muyenera kudikira munthu wochokera kunja sichingakuthandizeni usiku umene msana wagwira. Kasamalidwe nako n'kofunika m'tauni imene Okutobala amawotcha ndipo magetsi amathima mosalonjeza. Chomaliza, chomwe ndi chachikulu kuposa zonse, ndi funso lakuti pakhomo pali ndani: mwana wokwawa, mayi woyembekezera, wodwala mphumu, wa khunyu, wa shuga, kapena womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

NJIRA YOYAMBA: MAFUTA A FUNGO OSUNGUNULA NOKHA

Apa mumagula kabotolo ka mafuta aukali aja, n'kumasakaniza madontho ochepa m'mafuta wamba musanapake. Mafuta wambawo akhoza kukhala a kokonati, a mpendadzuwa, a malambe kapena a makademiya. Ngakhale mafuta ophikira atsopano amagwira, bola akhale osakazingirapo kanthu. A mtedza apewedwe ngati pakhomo pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza.

Mlingo wa munthu wamkulu ndi 2 peresenti: madontho 2 pa supuni imodzi ya tiyi, kapena madontho 12 m'kabotolo ka mamililita 30. Kwa okalamba ndi a khungu losachedwa kuyabwa, dontho limodzi pa supuni. Musanapake malo aakulu, pakani pang'ono m'kati mwa mkono ndipo dikirani tsiku lathunthu. Pakafiira kapena kutuluka totupa, mafutawo si anu. Madzi sasungunula mafuta amenewa. Mukadonthezera mu beseni losambira, dontho limayandama lonse n'kukamatirira pakhungu ndi ukali wake wonse.

Si mafuta onse ofanana, ndipo apa m'pamene ambiri amatayira ndalama.

Peppermint ndi amene ali ndi umboni womveka. Ofufuza a ku Kiel ku Germany anaonetsa mu 1996 kuti peppermint wa 10 peresenti wosungunulidwa mu ethanol (mtundu wa spiriti), wopakidwa pachipumi ndi m'litsipa, amachepetsa mutu wa kutopa mofanana ndi mamiligalamu 1000 a paracetamol (panado). Kunyumba musafike pa mlingo umenewo. Madontho 4 kapena 5 pa supuni ndi okwanira pa malo aang'ono ngati litsipa ndi kumbuyo kwa khosi. Pakani kutali ndi maso, chifukwa ngakhale mpweya wake wokha umatulutsa misozi.

Bulugamu ali ndi cineole, amene amatsegula mphuno ndi kupereka kuzizira kofatsa pa minofu. Ndi wotsika mtengo kuposa anzake ndipo amapezeka m'mafamase ambiri. Lavender ndi wofatsa pakhungu, amakhazika mtima pansi ndi kuthandiza tulo, koma pa ululu weniweni mphamvu yake ndi yochepa. Ubwino wake umaoneka akamayenda limodzi ndi kutikita. Jinja amatenthetsa pang'ono. Clove ali ndi eugenol, amene madokotala a mano akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pochititsa dzanzi, koma pakhungu ndi waukali: dontho limodzi pa masupuni awiri, osapitirira. Lemongrass nayenso amafuna mlingo wotsika chomwecho, ngakhale fungo lake likuoneka losalakwa.

Wintergreen musamulowetse m'nyumba imene muli ana. Pafupifupi yense ndi methyl salicylate, wachibale wa aspirin, ndipo supuni imodzi ya tiyi ili ndi mphamvu ya mapiritsi a aspirin oposa 20. Amanunkhira ngati switi.

Mtengo. Polowera m'pokwera, koma kabotolo ka mamililita 10 kali ndi madontho pafupifupi 200, amene pa 2 peresenti amakwanira theka la lita ya mafuta opaka. Ngati msana umatenga supuni imodzi, ndiye kuti mupaka kokwana 100. Kwa munthu wopaka kawirikawiri, njirayi imatsika mtengo m'kupita kwa nthawi. Kwa wopaka kawiri pachaka ndi kutaya ndalama, chifukwa mafutawo adzawonongeka asanathe. Gulani kabotolo kamodzi kogwirizana ndi vuto lanu. Bokosi la timabotolo 6 kapena 12 limathera pa shelefu.

Kapezekedwe. Pafupifupi onse amachokera kunja, ndiye ndalama zakunja zikavuta amasowa. Yambani ndi mafamase a m'tauni, a ku Ginnery Corner, a ku Chichiri ndi a ku Limbe, kenako masitolo a zodzola. Vuto lalikulu ndi achinyengo. Botolo labwino limakhala lagalasi lakuda, lokhala ndi kodonthezera pakamwa, dzina la chomera m'Chilatini, monga Mentha piperita, Eucalyptus globulus kapena Lavandula angustifolia, nambala ya gulu limene linapangidwira ndi tsiku lothera ntchito. Lolembedwa kuti fragrance oil kapena perfume oil ndi lonunkhiritsa m'nyumba basi. Mawu akuti therapeutic grade ndi a amalonda, palibe boma limene limapereka dzina limenelo. Ngati lavender, bulugamu ndi rose zonse zikugulitsidwa pa mtengo umodzi, dziwani kuti ndi fungo lopanga, chifukwa rose weniweni amadula kutali kwambiri. Chikomekome cha mkuyu. Kuyesa kwa kunyumba n'kudonthezera pa pepala loyera: peppermint, bulugamu ndi lavender enieni amauluka osasiya banga la mafuta, pamene osakanizidwa ndi mafuta wamba amasiya bwalo lonona. Kuyesaku sikugwira chinyengo chilichonse, koma kumagwira chofala kwambiri.

Kasamalidwe. Adani ndi kuwala, kutentha ndi mpweya. Botolo likhale m'kabati yotseka, osati pawindo kapena m'galimoto, ndipo litsekedwe mukangodontheza. A zipatso monga ndimu ndi lalanje amayamba kuwonongeka pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Peppermint, bulugamu ndi lavender amapirira zaka zingapo akasungidwa bwino. Mafuta okalamba amasintha fungo, amalimba pang'ono, ndipo ndi amene amayabwitsa kwambiri. Sakanizani pang'ono, okwanira mwezi umodzi kapena iwiri, m'kabotolo kagalasi kolembedwa dzina ndi tsiku. Musathire m'botolo la mankhwala a chifuwa kapena la chakumwa.

Zoopsa. Osasungunula amawotcha khungu, ndipo khungu likadana nawo kamodzi likhoza kudana nawo moyo wonse. Osamwa, osadonthezera mu tiyi kapena m'madzi akumwa, kaya wogulitsa anene zotani. Makapisozi a peppermint a vuto la m'matumbo ndi chinthu china, ali ndi chikutiro chosungunuka m'matumbo, ndipo sangafanizidwe ndi kumwa za m'botolo. Bulugamu wochepa chabe akamwedwa ndi mwana amatha kumukomola ndi kumugwetsa ngati wa khunyu. Zikachitika musamusanzitse, chifukwa mafutawo akalowa m'mapapo amawononga; thamangani naye ku Queen Elizabeth Central Hospital mutanyamula botololo. Peppermint ndi bulugamu asayandikire nkhope ya khanda kapena mwana wamng'ono, amatha kumubanikitsa. A khunyu apewe bulugamu, rosemary ndi camphor. Woyembekezera asagwiritse ntchito miyezi itatu yoyambirira, ndipo pambuyo pake afunse ku sikelo. Mafuta a ndimu ndi bergamot amawotcha khungu likakumana ndi dzuwa, ndiye pamene mwapaka pabisike kwa maola 12. Akalowa m'diso, pukutani chikope ndi kansalu konyowetsa mafuta wamba ndipo tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15.

NJIRA YACHIWIRI: MANKHWALA OPAKA OPANGIDWA KALE

Ambiri sadziwa kuti Vicks VapoRub, Tiger Balm, Zam-Buk ndi Deep Heat ndi mafuta a fungo omwewa, osakanizidwa kale ku fakitale. Mu Vicks muli camphor, menthol ndi bulugamu. Mu Tiger Balm muli camphor, menthol, cajuput ndi clove. Deep Heat amadalira methyl salicylate ndi menthol. Ubwino wake ndi wakuti mlingo unayezedwa, malangizo analembedwa, ndipo simufunika kuwerenga madontho pakati pa usiku mutagwira tochi.

Pa shelefu yomweyo pamakhala jelo wa diclofenac. Ameneyu si mafuta a fungo, koma ndi amene muyenera kuyezera nawo zina zonse, chifukwa amachepetsa kutupa kwenikweni m'malo mongosokoneza uthenga. Pa kubinya ndi pa bondo la nyamakazi ya ukalamba, umboni wake ndi wamphamvu kuposa wa mafuta a fungo alionse.

Mtengo. Polowera m'potsika kuposa njira zonse zogula. Timachitini tating'ono timapezeka pa mtengo umene ambiri angakwanitse. Wopaka msana wonse tsiku lililonse adzaona kuti kachubu sikachedwa kutha, ndipo pakutha pa chaka akhoza kuwononga zambiri kuposa wosakaniza yekha.

Kapezekedwe. Paliponse: m'famase, m'golosale, pa okala, mumsika wa Limbe ndi wa Blantyre. Koma za pa benchi ya panja zimakhala padzuwa tsiku lonse, zimasungunuka n'kuumanso, ndipo menthol amauluka. Zina ndi zongofanizira dzina ndi mtundu wa chitini. Famase yokhala ndi chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndi malo odalirika, makamaka pa diclofenac.

Kasamalidwe. Palibe chovuta. Tsekani, ikani pamthunzi, onani tsiku lothera ntchito, ndipo sambani m'manja mukapaka musanagwire maso kapena mwana.

Zoopsa. Cholakwa chofala ndi chimene chimaoneka ngati chisamaliro: kuthowa ndi madzi otentha, kupaka mankhwala otenthetsa nthawi yomweyo, n'kumanga ndi chitenje mothina. Kutentha kumatsegula mitsempha ya pakhungu, mankhwala amalowa mopitirira, ndipo m'mawa pamatuluka matuza. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza za kupsa kotereku mu 2012, makamaka pa mankhwala okhala ndi menthol woposa 3 peresenti ndi methyl salicylate woposa 10 peresenti. Sankhani chimodzi, kuthowa kapena kupaka, ndipo mukasamba madzi otentha dikirani khungu lizizire. Osapaka pa bala, pa totupa kapena pa mashingozi. Womwa warfarin (mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi) ndi amene thupi lake limadana ndi aspirin apewe methyl salicylate. Vicks si wa mwana wosakwana zaka 2, salowetsedwa m'mphuno, sanyambitidwa, ndipo satenthetsedwa pamoto. Diclofenac asapakidwe ndi mayi woyembekezera, makamaka miyezi itatu yomaliza, ndipo wa vuto la impso kapena zilonda za m'mimba afunse kaye wa pa famase.

NJIRA YACHITATU: KUNUNKHIZA

Iyi ndiyo imajambulidwa kwambiri pa zithunzi za malonda: kamakina kotchedwa diffuser kakutulutsa nkhungu yonunkhira pambali pa bedi. Tinene mosabisa, pa ululu wa msana kapena bondo njirayi ndi yofooka kuposa zonse. Chimene imachita ndi kuchepetsa nkhawa ndi kuthandiza tulo, ndipo munthu wogona bwino amapirira ululu bwino. Zimenezo si zachabe, koma musayembekezere zoposa pamenepo.

Mtengo. Kamakina ndi ndalama yoonjezera pa mafuta, ndipo kamadya madontho 3 mpaka 5 pa mamililita 100 a madzi nthawi iliyonse. Kabotolo kamene kakanakwanira kupaka kokwana 100 kamatha pa masiku 40 mpaka 66 mukamayatsa kamodzi patsiku. Dontho limodzi kapena awiri pa kansalu kapena pa thonje loika pafupi ndi pilo limachita ntchito yomweyo kwaulere.

Kapezekedwe. Timakina timapezeka m'masitolo a ziwiya zamagetsi ndi kwa ogulitsa pa intaneti. Sankhani ka USB, kamene kamayenda ndi power bank magetsi akathima.

Kasamalidwe. Tayani madzi otsala tsiku lililonse, pukutani, ndipo kamodzi pa sabata tsukani ndi madzi osakaniza vinega pang'ono. Pansi pake pali kachitsulo kozungulira konjenjemera; kakamatidwa ndi mafuta kapena zotsalira za madzi, nkhungu imasiya kutuluka, ndipo ambiri amaganiza kuti makina afa. Madzi ogonera amamera nkhungu ya chuku imene mudzaipuma.

Zoopsa. Mphindi 30 mpaka 60 n'zokwanira, windo lili lotsegula pang'ono. Usiku wonse m'chipinda chotseka, mutu umene mumafuna kuchiza ndi umene umabwera. Wa mphumu akhoza kubanika. M'chipinda chogona khanda musayatse. Amphaka nawo sapirira mafuta ambiri a fungo, chiwindi chawo chimalephera kuwachotsa m'thupi. Mbale zotenthetsa ndi kandulo zili ndi ngozi ya moto, chifukwa mafutawa amayaka.

NJIRA YACHINAYI: MASAMBA NDI MADZI OTENTHA A PAKHOMO

Kufukiza ndi kuthowa tinazipeza, ndipo nthawi ya Covid-19 mitengo ya bulugamu inasadzulidwa m'malo ambiri. Masamba owiritsa amatulutsa cineole yemweyo wa m'botolo, koma wochepa kwambiri. Kufukiza kumathandiza kulemera kwa nkhope ndi mutu wa chimfine; pa minofu sikufika. Kuthowa ndiko kwa minofu, ndipo chimene chimagwira ntchito ndi kutentha, masamba amangoonjezera fungo.

Pofukiza, phulani poto pamoto, thirani madziwo mu beseni lokhazikika pa tebulo, dikirani mphindi zingapo, ikani nkhope kutali pafupifupi masentimita 30, tsinzinani, ndipo mphindi 5 mpaka 10 zakwana. Pothowa, viikani thawulo m'madzi otentha, finyani, yesani m'kati mwa dzanja lanu, ndipo ikani pamalopo kwa mphindi 15 mpaka 20, kubwereza kuviika likazizira. Botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu limasunga kutentha nthawi yaitali.

Mukhoza kupanganso mafuta a jinja. Dulani jinja mopyapyala, yanikani mpaka azithyoka, sinjani, ndipo ikani gawo limodzi la jinja pa magawo 5 a mafuta. Poto wa mafutawo akhale m'kati mwa poto wina wa madzi otentha pa moto wofatsa kwa ola limodzi kapena awiri, kenako sefani ndi nsalu yoyera. Jinja wamuwisi ndi amene amawonongetsa, chifukwa madzi ake amakhala pansi pa botolo n'kuoletsa zonse.

Mtengo. Makala ndi jinja wa mumsika basi.

Kapezekedwe. Bulugamu ali ponseponse, lemongrass amamera kuseri kwa nyumba zambiri. Masamba a m'mbali mwa msewu waukulu amakhala ndi fumbi ndi utsi, atsukeni.

Kasamalidwe. Madzi a masamba ndi a tsiku lomwelo. Mafuta a jinja agwiritsidwe ntchito mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo akayamba fungo la mafuta owonongeka kapena kuchita mitambo, tayani.

Zoopsa. Kupsa. Ana asafukizidwe pa beseni, chifukwa akagwedezeka pansi pa bulangete madzi amathera pamiyendo. Mbaula isalowe pansi pa bulangete kapena m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso. Wa shuga amene mapazi ake ali ndi dzanzi samva kutentha, amapsa osadziwa, ndipo bala lake limavuta kupola. Adyo wosinja womangidwa pakhungu amawotcha mpaka matuza. Tsabola alidi ndi capsaicin, amene amaikidwa m'mankhwala opaka pa mlingo wa 0.025 mpaka 0.075 peresenti, koma kambuzi wa kumunda simungamuyeze, musayesere.

NJIRA YACHISANU: MANJA A MUNTHU WINA

Pa kafukufuku wambiri wa mafuta a fungo, odwala amatikitidwanso, ndipo n'kovuta kulekanitsa ntchito ya mafuta ndi ya manja. Ife timaona kuti manja ndi amene amanyamula gawo lalikulu. Pali kusiyana pakati pa wotikita wa ku saluni kapena ku hotela, amene ntchito yake ndi kumasula thupi, ndi katswiri wa mafizo, amene amapima chimene chavuta n'kukupatsani zolimbitsa thupi zoyenera.

Mtengo. Ku saluni ndi ku hotela mumalipira ulendo uliwonse, ndipo ndi njira yodula kuposa zonse. Mafizo a ku chipatala cha boma salipiritsa, koma mumalipira ndi nthawi ya pamzere ndi ya minibasi.

Kapezekedwe. Mafizo alipo ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi ku Kachere Rehabilitation Centre, komanso m'zipatala zina zolipira. Yambirani ku chipatala chaching'ono ndi buku lanu la kuchipatala kuti akutumizeni. Akatswiri a mafizo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Wotikita wa ku saluni mumamudziwa ndi mafunso ake. Amene sakufunsani za mimba, mankhwala amene mukumwa ndi matenda amene muli nawo, ndiponso sakudziwa madontho amene wathira m'mafuta ake, musamugonere.

Kasamalidwe. Kutikita kamodzi kumamasula kwa masiku ochepa. Zolimbitsa thupi za mafizo zimafuna khama la tsiku ndi tsiku kunyumba, ndipo ambiri amasiya ululu ukangochepa, n'kubwereranso pakatha mwezi.

Zoopsa. Katumba wa mwendo umodzi wotupa, wotentha ndi wopweteka asatikitidwe konse: mukhoza kukhala magazi oundana, amene akasuntha amakatseka m'mapapo. Chimodzimodzi pamene mukukayikira kuti fupa lathyoka, pa mitsempha yotupa ya m'miyendo, ndi pa mafupa ofooka a okalamba. Kuponda msana ndi mapazi ndi kuthyola khosi kuti lilire si kutikita.

NDANI ATENGE CHITI

Wa mutu wa kutopa, womanga ngati lamba madzulo pochoka ku ntchito, peppermint wosungunula m'litsipa ndi m'khosi ndi amene akuyenera ndalama yake. Ngati mukumwa panado masiku ambiri pa mwezi, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa mapiritsi omwewo amatha kuyambitsa mutu. Wa mutu waching'alang'ala asamale: kwa ambiri fungo lamphamvu ndi limene limauyambitsa, ndipo chipinda chamdima ndi nsalu yozizira pachipumi zimaposa diffuser.

Wa msana wouma chifukwa cha mpando, wa kabaza, wonyamula katundu mumsika: kuthowa madzulo, kapena mankhwala opaka opangidwa kale, osati zonse pamodzi. Ngati ululu umabwerabwera, ndalama ya botolo lodula ipite ku ulendo wa ku mafizo.

Mawondo a agogo: jelo wa diclofenac ngati wa pa famase wavomereza, kuthowa m'mawa wa chisanu, ndi kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Mafuta a jinja kapena lavender wa 1 peresenti ndi abwino pa kusisita kwa madzulo.

Phazi lobinya kumene pa mpira likufuna chozizira, osati chotentha. Ma freezes oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku, masiku awiri oyamba, phazi lili m'mwamba. Kuthowa ndi kutikita tsiku loyamba kumaonjezera kutupa. Ngati munthu sangathe kuponda, akajambulidwe.

Cham'mimba cha pa nthawi ya kusamba: botolo la madzi otentha pamimba ndilo loyamba, kusisita mofatsa ndi lavender wa 2 peresenti ndi koonjezera. Ululu wolepheretsa sukulu kapena ntchito mwezi uliwonse ukapimidwe.

Dzino lobooka lopweteka usiku: dontho limodzi la clove mu supuni ya mafuta ophikira, nyowetsani kathonje kakang'ono, finyani, ikani m'bowo mwa dzinolo osakhudza nkhama, kwa mphindi zochepa. Izi ndi za munthu wamkulu, zongofikira m'mawa. Dzinolo likufunabe dokotala wa mano. Piritsi la aspirin loika pa nkhama limawotcha.

Mapazi otentha ngati moto kapena obaya ngati singano, kwa wa shuga kapena womwa ma ARV, ndi ululu wa mitsempha, ndipo uli ndi mankhwala ake ku chipatala. Odwala khansa ali ndi Tiyanjane ku Queen Elizabeth, kumene amapereka mankhwala a ululu waukulu. Kusisita manja ndi mapazi ndi mafuta ofatsa kumatonthoza, koma kusalowe m'malo mwa mankhwalawo, ndipo khungu limene lawotchedwa ndi makina a khansa lisapakidwe kanthu musanafunse.

Nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri yokhala ndi mwana wokwawa, yopanda kabati yokhoma, isasunge timabotolo ta mafuta aukali. Thawulo, madzi otentha ndi kachubu kamodzi ka mankhwala opaka koikidwa pamwamba pamene mwana safika ngakhale atakwera pampando, n'zokwanira.